Ku Nyungwe makoma akale akutha, koma nyanga ikulirabe

TETE — Munthu wochokera ku Ulónguè, ku Dómuè kapena ku Tsangano akamakwera chapa m'mamawa, amakwera atavala jekete. Akafika pa mphambano ya Mussacama amayamba kumasula mabatani. Pofika ku Moatize jekete lija limakhala lili pamiyendo, mwini wake thukuta lili kamukamu. Mapichesi ndi minda ya kachewere zatsala m'mbuyo. Kutsogolo kuli milambe, masawu, mbuzi ndi miyala. Pamenepo ndiye kuti watsika kuchoka ku mapiri otalika mamita oposa 1,000 n'kufika m'chigwa chosafika ndi mamita 200 omwe, m'dziko la Anyungwe.

Anthu ambiri a m'maboma a m'malire amaudziwa mzinda wa Tete ngati kogulitsa mbatata, nyemba ndi kabichi, kokonzetsa mapepala a boma, kapena kozonda wodwala pa chipatala chachikulu cha chigawo. Amafika, kuchita chimene abwerera, n'kuthawa dzuwa. Ndi ochepa amene amaima n'kuyang'ana makoma a mzindawu. Chonsecho makomawo ali ndi nkhani, ndipo mbali ina ya nkhaniyo ikukhudza anthu a kumtunda omwe.

Eni ake amautcha Nyungwe. Dzina limeneli ndi la malo, la anthu, ndiponso la chilankhulo chawo. Mchewa akamva Chinyungwe amatola mawu ena, ena n'kumudutsa, koma pa msika malonda sayima chifukwa cha zimenezo.

Mzinda wa pa thanthwe

Apwitikizi asanafike, pamalopa pankafika kale amalonda ochokera ku nyanja yamchere, odzagula golide ndi minyanga ya njovu. Apwitikizi anakhazikikapo cha m'ma 1530, ndipo anamanga linga m'mphepete mwa Zambezi lomwe analitcha São Tiago Maior. Linga limeneli lagumuka ndi kumangidwanso kangapo, koma malo ake akadalipo, kufupi ndi madzi. Palinso tchalitchi chakale cha dzina lomweli, ndi linga lina la Dom Luís lomwe linamangidwa m'zaka za m'ma 1800.

Malinga amenewa sanamangidwe kuti akongoletse mzinda. Apwitikizi a ku Tete ankakhala mwamantha. Kumunsi, pamene Luenha amathira mu Zambezi, kunali Bonga wa ku Massangano, amene anagonjetsa magulu ankhondo angapo omwe anamutumizira pakati pa 1867 ndi 1869. Kumpoto kunali mafumu a banja la Pereira, a ku Macanga, amene akuluakulu a kumeneko amawakumbukirabe. Ndipo m'minda ikuluikulu yotchedwa prazo munali Achikunda, asilikali ndi alenje a njovu, omwe zidzukulu zawo zinafalikira mpaka ku Zumbo, ku Luangwa ndi ku Malawi.

David Livingstone anafika ku Tete mu Malichi 1856, atayenda pansi kuchokera kumadzulo. M'buku lake anafotokoza kuti anapeza nyumba za Azungu pafupifupi 30, zomangidwa ndi miyala yomatidwa ndi dothi, zofoleredwa ndi udzu, ndi nyumba za eni dziko pafupifupi 1,200. Anaonanso kuti mzindawu unakhala pa mizere ya thanthwe yotsetserekera ku mtsinje, nyumba zili pamwamba pa mizereyo, misewu ili m'makwawa a pakati pake. Woyenda lero m'chigawo chakale cha mzinda amaona zomwezo: akwera, atsika, akweranso. Livingstone yemweyo anasiya ku Tete amuna a mtundu wa Makololo amene anabwera nawo. Ena mwa Amakololo amene anayenda ndi Livingstone anadzakhala m'chigwa cha Shire, ndipo mpaka lero ku Chikwawa kuli maufumu ochokera kwa iwo.

Tete anakwezedwa kukhala mzinda pa 21 Malichi 1959, ndipo tsiku limeneli ndi lomwe amakondwerera chaka ndi chaka.

Nyumba yodziwa dzuwa

Kuti munthu amvetse nyumba zakale za ku Tete, ayenera kufikako mu Okutobala kapena Novembala. Masiku amenewo kutentha kumapitirira madigiri 40. Mphepo imene imaomba masana imakhala ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Agalu sauwa. Mbuzi zimaunjikana pansi pa malole oima.

Amisiri akale ankalidziwa dzuwa limeneli, ndipo ankamanga molizemba. Khoma ankalipanga lochindikala kwambiri, la miyala, moti kutentha kwa masana kumachedwa kulowa. Denga ankalikweza kutali ndi mutu wa munthu kuti mpweya wotentha ukwere m'mwamba. Kunja ankaika khonde lalikulu, kuti dzuwa lisamenye khoma mwachindunji. Mazenera ankawaika moyang'anizana kuti kamphepo kochokera ku mtsinje kalowe uku n'kutulukira uko. Kunja kwa khoma ankapaka njereza yoyera. Masitolo akale a Amwenye nawonso anatsata nzeru yomweyo: khonde kutsogolo lophimba odutsa, malonda pakati, banja kuseri.

Ndi bwino kunena poyera kuti nyumba zimenezi, ngakhale zimatchedwa za Apwitikizi, amene anaswa miyala, kusenza dothi ndi kuimika makoma anali Anyungwe, Achikunda, Asena ndi Achewa. Ambiri anagwira ntchitoyo ali akapolo, ndipo pambuyo pake ena anaigwira pa chibalo. Mayina awo sanalembedwe pa khoma lililonse. Choncho amene amati zisiyeni zigwe, n'za atsamunda, amaiwala kuti thukuta lomwe lili m'makomamo ndi la agogo ake.

Nanga n'chifukwa chiyani zambiri zikuoneka zotopa chonchi? Chiyambi chake n'chodziwika. Pa 3 Febuluwale 1976 boma linatenga nyumba zonse zobwereketsa, n'kuzipereka m'manja mwa bungwe la APIE. Anthu amene kale sankaloledwa ngakhale kukhala pa khonde analowa m'nyumbazo, kumalipira lendi yochepa. Chinali chinthu chabwino kwa mabanja ambiri. Koma wokhalamo sanali mwini wake, ndipo mwini wake, ndiye boma, analibe ndalama zokonzera. Kenaka kunabwera nkhondo. Denga likadontha, ankangosuntha bedi. M'zaka za m'ma 1990 boma linayamba kugulitsa nyumbazo kwa okhalamo, koma pofika nthawiyo zina zinali zitadyeka kale ndi chiswe ndi mvula.

Lamulo loteteza chuma cha makolo lilipo. Ndi lamulo nambala 10/88, la mu Disembala 1988, ndipo limateteza nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1920. Koma lamulo silifolera denga. Mwini nyumba akaona kuti kukonza khoma la miyala kukufuna mmisiri wosowa, pamene wamalonda akumulonjeza ndalama zambiri kuti amange sitolo ya magalasi pamalopo, nkhaniyo sichedwa kutha.

Tsono taonani zimene zikulowa m'malo mwake. M'mabairo ambiri nyumba ya masiku ano ndi ya mabuloko opyapyala a simenti, denga la malata lotsika, lopanda siling'i, kazenera kamodzi kotchingidwa ndi zitsulo kuopa akuba. Nyumba yotere ku Tsangano ingakhale bwino, kungoti mu Juni mwini wake adzafuna mabulangete awiri. Ku Tete ndi ng'anjo. Amene ali ndi ndalama amagula makina oziziritsa mpweya. Amene alibe amatulutsa mphasa. N'chifukwa chake usiku wa mu Novembala mabanja athunthu amagona pabwalo, ana pakati, akulu m'mbali, neti yomangirira ku mtengo. Nyumba anaimanga ndi ndalama za zaka zambiri, koma imasunga katundu, anthu ali panja.

Nkhani imeneyi iwafike amene akugulitsa fodya ndi soya chaka chino n'cholinga chokagula puloti ku Matundo kapena ku Chingodzi. Kukweza khoma ndi mizere iwiri kapena itatu ya mabuloko, kusiya khonde kumadzulo, ndi kusadula mtengo womwe waupeza pa pulotipo, ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi mtengo wa magetsi a zaka khumi.

Amene akufuna kuona zomwe njerwa ndi miyala ya m'chigwa chino zingachite apite ku Boroma, makilomita pafupifupi 25 kumtunda kwa mtsinje. Ansembe a gulu la Ajezwiti anatsegula mishoni ya São José kumeneko mu 1885, ndipo tchalitchi chake chachikulu chili pa phiri, moyang'ana Zambezi. Ansembe a gulu lomweli ndiwo anadzatsegulanso mishoni ya Lifidzi ku Angónia. Mmodzi wa iwo, Victor Courtois, ndiye analemba buku la malamulo a Chinyungwe ndi dikishonale yake kumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Milatho iwiri

Chimene aliyense amachikumbukira akachoka ku Tete ndi mlatho wolenjekeka pa zingwe zachitsulo. Anaukonza pa pepala ndi katswiri wa ku Portugal, Edgar Cardoso, ndipo unatha mu 1973. Dzina lake loyamba linali la Marcelo Caetano. Ufulu utabwera unadzatchedwa Samora Machel. Usanamangidwe, magalimoto ochokera ku Harare, komwe kale kunkatchedwa Salisbury, popita ku Blantyre ankaoloka pa pantoni.

Akuluakulu a ku Zóbuè ndi ku Moatize sangaiwale zaka za m'ma 1980, pamene malole ankadutsa pa mlathowu ali pa mdipiti, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Zaka zimenezo anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ena ku Zambia ndi ku Zimbabwe, ndipo ena anathawira mu mzinda momwemu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera ku midzi yawo, koma si onse. Ena anali atazolowera moyo wa mu mzinda.

Mu 2014 kunatsegulidwa mlatho wachiwiri, wa Kassuende, kumunsi pang'ono cha ku Benga, ndipo malole olemera anayamba kudutsira kumeneko. Mlatho wakale unapumako. Madzulo dzuwa likapendeka umadzaza ndi oyenda pansi, njinga zamoto, ana a sukulu ndi amayi osenza madengu, onse kuoloka pakati pa mzinda wakale ndi Matundo.

Pa kalembera wa 1997 mu Tete munali anthu ongopitirira 100,000. Pa kalembera wa 2017 anapitirira 300,000. Chimene chinawakoka n'chodziwika: malasha a ku Moatize, omwe Livingstone uja anawaona kale mu 1856. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kukumba ndi kutumiza kunja mu 2011, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodiwo kwa kampani ya Vulcan. M'zaka zoyambirira lendi inakwera moti mabanja ena anachoka m'nyumba zawo zabwino n'kukakhala m'kanyumba ka kuseri, yaikuluyo n'kubwereketsa kwa alendo. Mahotela anamera ngati bowa. Mtengo wa malasha utatsika, ena mwa alendowo anapakira, n'kusiya zipinda zopanda anthu.

Kunalinso nyumba zina zimene malasha anabweretsa. Mabanja oposa 700 anasamutsidwira ku Cateme kuti apereke malo ku mgodi, ndipo anawamangira nyumba za simenti zofanana, zondandalikidwa m'mizere. Sipanapite nthawi makoma ena anayamba kung'aluka. Mu Januwale 2012 anthuwo anatseka njanji ya malasha pofuna kuti madandaulo awo amveke. Ming'alu sinali dandaulo lokhalo. Ankadandaulanso za minda yosabereka ndi kutalika kwa msika.

Obwera mochedwa mu mzinda, opanda ndalama, amamanga pomwe apeza malo, ndipo kawirikawiri malowo ndi a madzi. Mu Malichi 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira usiku n'kulowa m'nyumba za ku Chingodzi. Mu Januwale 2022, pa namondwe wotchedwa Ana, mtsinje womwewo unadula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Puloti yotsika mtengo m'mbali mwa Revúbuè ili ndi chifukwa chake.

Pamene mzinda umapumira

Pakati pa mzinda pali chigwa cha Nhartanda. Ndi malo otsika, achinyezi, momwe muli madimba a masamba ndi zitsime zomwe zimathandiza kumwetsa mzinda. Kufupi ndi pamenepo pali msika wa Kwachena, kumene kachewere wa ku Angónia amakumana ndi nsomba zouma za ku Chicoa, kapenta wa ku Cahora Bassa, malambe, ndi masawu omwe m'Chipwitikizi amati maçanica. Masawu amadyedwa aawisi, amayanikidwa, ndipo amene amadziwa amatchezera kachasu amene mbiri yake inafika kutali. Mbuzi ya ku Tete nayo, yodya masawu ndi malambe akugwa, ili ndi dzina m'dziko lonse, moti ku Maputo wogulitsa nyama akangoti ndi cabrito de Tete, wogula safunsanso zambiri.

Moyo wa m'bairo uli ndi dongosolo lake. M'malo mwa nyakwawa pali sekeretale wa bairo, pansi pake mkulu wa kwarterau, pansi pakenso mkulu wa nyumba khumi. Mlendo wofuna kalata ya umboni wa komwe akukhala amayambira kumeneko. Amayi a pa msika ali ndi xitique, chomwe ku Malawi amati chipereganyu: aliyense amasonkha pa sabata kapena pa mwezi, mmodzi n'kutenga zonse, kenaka wina. Malata ambiri a mu Tete anagulidwa ndi ndalama za xitique. Maliro akagwa, anthu ochokera dera limodzi amafunana, a ku Macanga paokha, a ku Angónia paokha, kusonkherana ya bokosi ndi ya galimoto yokatula thupi kumudzi. Munthu angakhale zaka 30 mu mzinda, koma ambiri amafunabe kukagona pafupi ndi makolo awo.

Nyanga ndi gule

Pa zoimba zonse za Anyungwe, yodabwitsa kwambiri kwa mlendo ndi nyanga. Dzinali lisasokoneze munthu, si nyanga ya ng'ombe kapena ya mankhwala. Ndi timabango kapena tinsungwi todulidwa mosiyana kutalika, tomangidwa pamodzi tiwiri, titatu kapena tinayi. Mwamuna aliyense m'gulu amagwira yake, ndipo yake ili ndi mawu ochepa chabe. Yekha sangaimbe nyimbo. Amauzira kamodzi, n'kutulutsa liwu la pakamwa, n'kukoka mpweya, mnzake n'kulowa pa mpata umene iye wasiya. Akakhala 20 kapena 30 mozungulira, mawu onsewo amalukana n'kukhala nyimbo imodzi. Nthawi yomweyo akuvina, miyendo ili ndi maseche, kuponda pansi mogwirizana, amayi akuthira mang'ombe. Katswiri wa zoimba Andrew Tracey analemba za gule ameneyu mu 1971, ndipo kuyambira pamenepo akatswiri a m'mayiko ena akhala akumutchula.

Vuto la nyanga lili pomwepo pa kukoma kwake. Woimba gitala angathe kuphunzira yekha m'chipinda. Wa nyanga amafuna anzake ambiri, okhala pafupi, okumana kawirikawiri, odziwa aliyense mpata wake. Kumudzi zimenezi zimatheka, pakuti maliro ndi bona zimawasonkhanitsa. Mu mzinda mmodzi ndi mlonda wa usiku, wina ali pa njinga yamoto kusaka okwera, wina ali ku mgodi. Akachoka atatu odziwa, nyimbo imakhala ndi mibowo. Ndipo mnyamata amene wakulira pa zoimba za m'foni safulumira kukhala pansi kuti nkhalamba imuphunzitse kupuma.

Komabe ikulira. Pa 21 Malichi, pa 7 Epulo tsiku la amayi, pa 25 Juni tsiku la ufulu, ndiponso akamabwera akuluakulu a boma, magulu a nyanga ndi a mafuwe amatuluka. Nthambi ya Rádio Moçambique ya ku Tete, yomwe imaulutsa m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja, yathandiza kuti nyimbo zoterezi zizimveka mpaka kumalire.

Pa masiku omwewo mumatulukanso Gule Wamkulu, ndipo apa ndi pamene nkhani ikufika pakhomo pa Achewa. Gule wadutsa m'zambiri. Amishoni ankamuletsa. Atsamunda ankamukayikira. Ngakhale m'zaka zoyambirira za ufulu, miyambo yambiri ya makolo inkaonedwa ngati yobwezera anthu m'mbuyo. Zinthu zinatembenuka mu Novembala 2005, pamene bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Moçambique, Malawi ndi Zambia ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, pamodzi ndi timbila ya Achopi a ku Inhambane. Kuchokera pamenepo palibe chikondwerero chachikulu cha chigawo chino chimene chimatha popanda zilombo.

Ulemu umenewu ndi wokondweretsa, ndipo Mchewa aliyense akaona Makanja atatalika pakati pa khamu la Anyungwe, Asena ndi alendo a kunja, mtima umakhala m'malo. Koma akuluakulu a kudambwe ali ndi mafunso awo, ndipo mafunsowo si opanda pake. Kumudzi gule amatuluka pa chifukwa: maliro, chinamwali, kulonga mfumu, mpalo. Amachokera kumene amachokera, n'kubwerera komweko, ndipo wosameta amadziwa malire ake. Mu mzinda mulibe dambwe pafupi ndi bwalo la mpira. Zilombo zimabwera pa lole, zimadikira padzuwa mpaka akuluakulu atamaliza kulankhula, zimapatsidwa mphindi zochepa, ndipo mafoni mazanamazana ali m'mwamba kujambula, kutsogolo ndi kuseri komwe. Chadzunda amene kumudzi amatenga nthawi yake, kulangiza ndi kudzudzula, kuno amauzidwa kuti afulumire chifukwa pulogalamu yatalika.

Ena amati bola choncho kusiyana ndi masiku oletsedwa aja, ndipo kandalama kamene gulu limalandira kamagula zikopa za ng'oma. Ena amati gule wovinira nduna pa bwalo la ndege ndi chithunzi chabe cha gule. Mkangano umenewu sungathetsedwe ndi ofesi ya zachikhalidwe mu Tete. Eni ake ndi mafumu a ku Angónia, Macanga, Chifunde, Chiúta ndi Marávia, omwe chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti amapita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Pempho likabwera kuchokera ku mzinda lofuna gule, ndi iwo amene angafunse kuti zilombo zikafikira pati, akaziyang'anira ndani, ndipo ndi ziti zoyenera kupita, ndi ziti zosayenera kuchoka pamudzi.

Chapa chobwerera ku Angónia chimanyamuka chikadzaza. Amene wagulitsa msanga mbatata yake, n'kukhala ndi maola awiri odikira, angathe kuoloka mlatho wapansi, kutsikira ku linga la São Tiago Maior, n'kuika dzanja pa khoma la nyumba ina yakale ya m'misewu ya kufupi ndi mtsinje. Kunja khomalo limaotcha. Akapempha eni ake kuti alowe pa khonde, aone yekha mmene mkatimo mulili.